Thanki ya Vaneti ya Ba Jere

Ntchito ya umakanika ndinaipeza ndikugulitsa zitumbuwa. Munali m'zaka za m'ma 1990, mwamuna wanga atandisiya ndi ana awiri pa boma la Lundazi. M'mawa uliwonse ndinkaika beseni langa pakhomo pa galaja ya Ba Mtonga, kuseri kwa msika. Tsiku lina nati inawagwera mkati mwa injini, pamalo pomwe dzanja lawo lalikulu silinkafika. Ndinapisa langa n'kuitulutsa. Anandiyang'ana kwa kanthawi, kenako anati, "Nyazimba, mawa ubwele utavala buluku."

Ndinayamba ndi kutsuka zitsulo m'palafini. Pang'onopang'ono ndinadziwa masipanala, kukweza jeke, kusintha mabuleki. Koma makasitomala ambiri ankandionabe ngati wodzasesa.

Tsiku lovuta linafika m'dzinja, Ba Mtonga atagona ndi malungo. Kunabwera Ba Jere, mlimi woweta ng'ombe wa ku Magodi, pa vaneti yawo yakale yonyamulira katundu. Fungo la petulo linatipeza iwo asanatsike.

"Monile, mama. Amakanika ali kuti?"

"Akudwala, adada. Ndilipo ndine."

Ba Jere anafotokoza kuti thanki ikudontha, ndipo sopo amene ankamata pansi pake sakugwiranso. Mpongozi wawo anali pafupi kuchira, ndipo anamwino anali atanena kuti mwana wagona mopingasa, ayenera kukachirira ku chipatala cha boma. M'mudzi monse galimoto inali yomweyo.

"Itana mnyamata wowotchelela uja aotche pomwe pakudonthapo," iwo anatero. "Ndifuna kubwelela lelo."

"Moto ukafika pathanki iyi, adada, tipsa tonse. Ndipatseni tsiku la lelo."

Makiyi anandipatsa.

Ndinamasula waya wa batire, n'kulowa pansi pa galimoto. Dontho linkagwera pa bawuti yokhuthulira, ndipo aliyense akanati vuto lili pamenepo. Ndinapukuta thanki yonse ndi chiguduli n'kuiwaza ufa. Posakhalitsa mzere wonyowa unaoneka pa ufawo, ukuchokera m'mwamba, pansi pa lamba wachitsulo womangira thanki. Matope a m'misewu ya ku Magodi anali ataunjikana pamenepo mpaka chitsulo kudyeka ndi dzimbiri.

Ndinakhuthulira petulo m'zigubu n'kuziika kutali pamthunzi. Ndinamasula mapayipi ndi waya wa geji yoonetsa kuchuluka kwa petulo, ndinachirikiza thanki ndi thabwa pa jeke, ndipo ndinamasula malamba. Bawuti imodzi inakana. Sipanala inatsetsereka n'kundisenda zala, magazi kusakanikirana ndi girizi. Ba Jere anapukusa mutu n'kuyang'ana kumsewu, ngati akufuna wina woti amuitane. Ndinathira mafuta a buleki pa bawutiyo, ndinaigogoda pang'ono, ndipo inalola.

Thanki yopanda petulo ndiyo yoopsa kwambiri, chifukwa mpweya wotsalira mkati ndiwo umaphulika. Choncho ndinaitsuka mobwerezabwereza ndi madzi otentha a sopo mpaka fungo litazilala. Kenako ndinatseka mabowo onse, ndinapopera mpweya pang'ono ndi pampu ya njinga, n'kupaka thovu kunja. Tinthubwinthubwi tinatuluka pa timabowo ting'onoting'ono ngati ta singano.

"Onani, adada. Sopo wanu munkamata pamalo pabwinobwino."

Anagwada m'matope ndi buluku lawo labwino, n'kuona okha.

Ndinapala dzimbiri ndi sandipepa mpaka chitsulo kuwala, n'kudula chigamba cha lata. Mbaula ndinaiyatsa kutsidya kwa bwalo. Kumeneko ndinkatenthetsa chitsulo cha mkuwa, n'kubwera nacho kudzasungunula mtovu m'mbali mwa chigamba, kenako kubwereranso. Lawi silinayandikire thanki. Chitsulo chikangozizira, Ba Jere anayamba kuchitenga okha kupita nacho ku mbaula, n'kumakupizira makala ndi chipewa chawo.

Nditapopanso mpweya, thovu linangokhala duu. Ndinaumitsa thanki padzuwa, ndinayala mphira wa chubu pansi pa malamba kuti chitsulo chisakhudzane ndi chinzake, n'kubwezeretsa zonse. Tinathira petulo, injini inalira, ndipo pakatoni yomwe ndinayala pansi sipanagwe dontho. Ba Jere ananyamuka mitambo ya mvula ikusonkhana.

M'mawa mwake vaneti ija inadutsa pagalaja ikuthamangira kuchipatala, mpongozi atagona pamatiresi kumbuyo. Anamuchita opaleshoni, mayi ndi mwana onse anapulumuka.

Mlungu wotsatira Ba Jere anabweranso ndi alimi anzawo awiri. Ba Mtonga, atachira, ananyamuka kukawalonjera.

"Yewo, Ba Mtonga, khalani pansi," anatero Ba Jere. "Tabwela kwa Nyazimba."

Ba Mtonga anaseka mpaka kutsokomola, n'kundikankhira bokosi lawo la masipanala.

Phunziro la tsiku la thanki lija ndimawauza onse amene ndawaphunzitsa ntchitoyi: pomwe dontho likugwera si pomwe pabooka. Pukuta, dikira, uone kochokera. Ndipo mwini galimoto akakufulumizitsa, umumvere chisoni, koma moto usautengere kuthanki.