Zitsa za ku Chikwa

Amuna anga ndiwo ankagulira boma madesiki a m'masukulu ku Chama, m'zaka za m'ma 1990. Asanagwirizane ndi kalipentala, ankapalasa njinga mpaka ku Chikwa kukaona kumene matabwa achokera. Akapeza chitsa cha mlombwa chitawotchedwa, ankabwerako osagula. Ankafuna chodulidwa bwino, choti chidzaphukenso.

Ine zinkandikwiyitsa, poti ankatha masiku atatu kulibe. Akafika ndinkawalandira ndi mkamwa: "Kodi inu, boma linakutumani madesiki kapena zitsa?" Ankangoseka, akupukuta fumbi m'makutu.

Anamwalira kalekale. Chaka chatha ndinapita ku Chikwa, ndinapeza zitsa zija manje ndi mitengo yaitali. Ndinakhala pansi pa umodzi mpaka mthunzi unasuntha, ndikusowa munthu womukalipira.