Fomu Yolembedwa Kunyumba

Amake mapasa sanalembedwepo ntchito, koma kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri akhala akulemba mafomu a ofesi yoona za ukhondo wa zakudya. Wolembedwa ntchito ndi amuna awo, omwe amayendera mabutchala, malo odyera ndi ophikira buledi. Bambowa mphuno yawo siphonya, chiphuphu salandira, koma akagwira cholembera zimakhala ngati nkhuku yapalasa pamchenga.

Lamulo la kuofesi limati fomu izilembedwa pomwepo, mwini malo akuona, kenako asayine. Abambo a mapasa anali ndi njira yawo. Ankalemba mwachidule m'kabuku ka m'thumba, n'kuuza mwini malo kuti asayine pansi pa fomu yopanda kanthu, poti onse amakhala pa changu. Loweruka m'mawa akazi awo akamaliza kuchapa, ankapukuta manja n'kukhala patebulo ndi kabukuko. Anafika podziwa kuti firiji isapitirire madigiri asanu, ndi kuti nyama yaiwisi siikhala pamwamba pa chakudya chophika, ngakhale m'makhitchini amenewo sanapondemo. Amuna awo ankawatcha abwana alembi, ndipo kuthokoza kwawo kunali kuwabweretsera zolembera zatsopano.

Mwezi watha bambowa anatseka butchala ina pafupi ndi depoti ya mabasi. Firiji inali pa madigiri khumi ndi awiri, nyama itayamba kuterera. Mwini butchalayo anakadandaula kuti iye anasayina pepala loyera, ndipo zolembedwazo anaziona patapita masiku. Akuluakulu atayerekeza fomuyo ndi kalata imene bambowa analemba popempha tchuthi, anaona kuti si dzanja limodzi. Anawaitanira ku komiti Lachinayi, n'kuwauza kuti ntchito yawo ili pachiswe.

Lachiwiri anaweruka msanga, n'kufikira patebulo, nsapato osavula.

“Amake mapasa, tandilemberani mzere umodzi pang'onopang'ono, ndione mmene mumapindira dzanja.”

“Zakukanikani kuyambira sitandade wani, muziphunzire masiku awiri?”

“Nanga akandipatsa pepala kuti ndilembe pamaso pawo, nditani?”

“Mukawauze kuti ndimalemba ndine.”

Bambowa anati kutero n'kudzikumbira dzenje, chifukwa mafomu onse a zaka zimenezi akayamba kukayikiridwa. Mayiwo sanatsutse. Analemba mzerewo, amuna awo n'kumakopera mpaka chala chinatupa, iwo akusita malaya oti akavale kukomitiko. Pa fomu ija panalibe bodza, ndipo mayiwo sanawonjezerepo ngakhale liwu limodzi. Chinkawavuta mumtima ndi mawu amene ankayamba nawo nthawi zonse, akuti “Ndaona ndi maso anga”. Anali atawalemba kambirimbiri, koma firiji imeneyo, ngakhale ina iliyonse, sanaionepo.

Lachinayi lake a komiti anawapatsadi bambowa pepala. Analemba mawu atatu, n'kuwayang'ana, kenako anaika cholembera pansi n'kunena zoona. A komitiwo anawaimitsa ntchito mpaka mafomu akale onse atafufuzidwa. Chigamulo chotseka butchala chinathetsedwa poti sichinalembedwe motsatira lamulo, ndipo m'mawa mwake malowo anatsegulidwanso.

Tsopano bambowa amaswera pakhonde. Dzana mpongozi wa aneba, yemwe ndi woyembekezera, anadutsa ndi kajumbo ka nyama kuchokera kubutchala ya kudepoti ija. Mayiwo anadzuka pomwe ankatsuka mbale.

“Khalani pansi, nkhani ikadali kuofesi,” anatero amuna awo motsitsa mawu. “Akamva kuti tikumuipitsira malonda mwini butchala uja, ndiye kwanga kwatha.”

Mayiwo anaima manja ali thovu lokhalokha, mtsikanayo n'kukhota pakona. Anadikira kuti amuna awo alowe m'nyumba, kenako anazungulira kuseri kwa mpanda n'kukagogoda kwa aneba.