Nsomba za M'thamanda M'damu la Flossie

Kwa Ngokwe, anthu akamalozera mlendo nyumba ya Flossie Makwinja satchula dzina la mwamuna wake, amene amawotcherera zitsulo ku Nkaya. Amangoti, "Kwa mayi wa damu uja." Damulo anakumba yekha ndi khasu ndi ndowa, kumunsi kwa dimba limene anamusiyira mayi ake, pomwe pamadutsa kamtsinje kosaphwa. Pokumbapo anthu ankamuseka. Nyanja ya Chiuta ili pompa, munthu wamutu wake n'kumaweta nsomba ngati nkhuku?

Mbewu yoyamba, ya nsomba za makumba ndi chilunguni, anabwera nayo m'chigubu panjinga. Kuyambira pamenepo, chaka chilichonse pokolola ankasankha nsomba zonenepa, za msana wodzaza, n'kuzibwezera m'madzi kuti ziswe. Zimenezi ankazitcha makolo. Kaya kubwere mlendo wotani, kaya ndiwo zisowe bwanji, makolo sankalowa mumphika. Azimayi ena atayamba kukumba madamu awo, ana a nsomba ankadzatenga kwa iye, chifukwa mtundu wake unkakula msanga.

M'chilimwe chapitachi mwamuna wake anathyoka mwendo, ndipo Flossie anapita ku Nkaya kukadwazika matenda. Damu analisiya m'manja mwa achimwene ake aakulu, a Wadson. Ntchito inali imodzi basi: kuwaza madeya.

Tinene mwachilungamo, a Wadson si munthu woipa mtima. Ndi msodzi wakalekale, ndipo kwa iwo nsomba ndi nsomba, madzi ndi madzi. Nthawi imeneyo dambo linali kuuma, mwangotsala mathamanda a madzi ofunda, onunkha, opondedwa ndi ng'ombe. M'menemo nsomba zinali zitapanikizana, zikupuma pamwamba. A Wadson anazitapa ndi dengu, ndowa pa ndowa, n'kumakathira m'damu la mlongo wawo.

Flossie atabwerako, a Wadson anamulandira ndi chifuwa chotukula.

"Chemwali, undithokoze! Damu lako ndalidzaza tho, zaulere. Za kwa alangizi zija n'zachiyani?"

Flossie sizinamusangalatse, koma pakhonde panali anthu, ndipo awa ndi eni mbumba. Anangowomba m'manja pang'ono n'kuti, "Mwachita bwino, achimwene." Mawu amenewo amamuwawabe mpaka lero.

Sipanapite nthawi yaitali. Madeya anayamba kutsala pamwamba pa madzi. Nsomba zinkadzikhukhuza m'mbali mwa damu ngati munthu wa mphere. Zina zinkatembenuka, mimba kumwamba. Flossie anavuula imodzi ya makolo, nsomba yaikazi imene ankaidziwa ndi chipsepse chong'ambika. Anaigwira m'manja. Mutu waukuluwo, thupi ngati mpeni. M'mbali munamatirira tinsabwe tathyathyathya tosuntha, pakhosi misundu iwiri, ndipo m'makha, mofiira muja nsomba imapumira, munali motuwa.

Anaikulunga m'tsamba la nthochi n'kuwongola njira. A Wadson anawapeza pansi pa mtengo wa mango akusoka ukonde, anzawo ali pa bawo.

"Achimwene, landirani ndiwo."

"Ii, kansomba kowonda chonchi? Ukuzimana chakudya iwe."

"Ndikuzimana? Tatsegulani makhawo muone alendo amene munandibweretsera!"

A Wadson anayang'ana, n'kuseka. "Nsabwe izi? Nsomba zonse zili nazo. Ife timadya chikhalire, tafa?"

"Zam'nyanja zimakhala ndi imodzi, ziwiri, n'kumanenepa, chifukwa madzi ndi ambiri ndipo amayenda. Zanu zija munazitola m'matope zikudyedwa kale. M'damu mwanga zithawira kuti? Ndinakuuzani kuti muziwaza madeya. Madeya! Kapena ndinalankhula Chizungu?"

Mmodzi wa pabawo anati, "Apa a Wadson mwadyedwa mtaji," anzake n'kufa nako kuseka.

"Chemwali, ukunyoza ine pagulu? Ine ndinakulera!"

"Iyayi, sindikunyoza. Munandilera, zoona, ndipo ndimagwada. Koma damu lija simunalikumbe. Dengu lanu, ukonde wanu, ngakhale nsapato zanu zam'dambozo, zisadzafikenso kumeneko."

Anatembenuka osadikira yankho, n'kubwerera.

Kudimba anapeza a Sabina, mnzake wa kutchalitchi amene anali atangomaliza kukumba damu lawo, ali ndi chigubu m'manja.

"Ndadzera ana aja munandilonjeza, mayi."

"Pepani, amnzanga. Ndikakupatsani ndakupherani damu. Chaka chino kuno kulibe mbewu."

Alangizi atabwera ananena zimene iye ankaziopa: damu aliphwetse, liume mpaka ling'aluke, athiremo laimu. Makolo amene akadali ndi mphamvu awaviike m'madzi amchere kanthawi kochepa, kenako awasunge paokha. Flossie anakumba kadzenje kumtunda, kumene madzi amalowera, n'kugumula khoma la damu ndi khasu lomwe lija analikumbira. Madzi akutsika, nsomba zinkaphiriphitha m'matope, zam'thamanda ndi zake zitasakanikirana, zonse zowonda chimodzimodzi. Iye ankatukwana pansipansi, matope mpaka m'ntchafu, akusanthula imodziimodzi. Zambiri zinafera m'beseni la mchere. Tinsabwe tinkagwera pansi pa beseni ngati mankhusu. Zimene zinapirira sizinadzaze ndi ndowa yomwe.

Pamene ankakokolola matope a pansi, a Wadson anatulukira ndi fosholo paphewa. Sanapereke moni, sanapepese. Anaima pamalire a dimba, n'kuvula nsapato zawo zam'dambo, kuzisiya pachitsa.

"Mapazinso," anatero Flossie osadzutsa mutu. "Madzi amchere ali m'beseni umo."

A Wadson anang'ung'udza, koma anasamba. Anagwira ntchito mpaka dzuwa kupendeka, wina uku wina uku.

Lero m'kadzenje kaja makolo otsalawo ayambanso kulimbirana madeya. Yaikazi ya chipsepse chong'ambika ija mulibe. Flossie wamanga mpanda wa bango kuzungulira damu, ndipo akachoka amatseka ndi loko. Flossie anawauza a Sabina kuti chigubu chawo achisunge, mvula ikagwa adzaone.