Mkono M'mwamba Kuchokera kwa Kabudula

Ndinanyamuka kwa Kabudula Lachinayi dzuwa likutuluka, chikwama cha mapepala kudzanja lamanja, mkono wamanzere m'mwamba. Ndifotokoze kaye. Impso zanga zinasiya ntchito, choncho kawiri pa sabata ndimapita ku tauni kukatsukitsa magazi pa makina. Madokotala analumikiza mitsempha pamkono wamanzerewu kuti azibayapo singano. Amati fisitula. Ukaikapo chala umamva kunjenjemera ngati muli njuchi. Ikasiya kunjenjemera ndiye kuti yatsekeka, ndipo amakubwezera kapaipi ka pakhosi, kamene ndinakhala nako dzinja lonse osasamba ngati munthu. Pepala limene anandipatsa, ndipo ndili nalo, likuti mkonowu ndisaugonere, ndisaunyamulitse katundu, wina asaufinye. Amene analemba pepalalo sanakwerepo minibasi ya kwa Nsaru.

Mpaka kwa Nsaru ndinakwera kabaza wa njinga yamoto. Anthu m'minda ya mtedza anasiya makasu n'kumandibayibitsa. Wina anakuwa: "Mukuimira ukhansala, agogo? Nsalu zili kuti?"

Pa siteji oyitanira anandithamangira ngati ndine nkhuku yothawa. Ndinawapatsa mkono wamanja kuti alimbirane, ndipo amene anaukoka kwambiri ndiye anandipeza. Kondakitala anati zikwi zisanu. Nditapempha lisiti anang'amba kachidutswa ka katoni ya sopo n'kundipatsa osalembapo kanthu. Nakonso ndasunga.

Tinakhala anayi pampando wa atatu, thumba la mtedza pamapazi, mkono wanga utagunda denga. Tisanapite patali kondakitala anamenya chitseko, galimoto n'kuima.

"Mukutsika, madala?"

"Sindikutsika."

Patsogolo pang'ono anaimitsanso. Kachitatu anakwiya.

"Nanga dzanjalo mwakwezeranji?"

"Ndi la kuchipatala."

"Ndiye mukawabwezere eni ake, likutichedwetsa."

Mayi wogulitsa tomato amene anakhala pambali panga anandimvera chisoni nanditambasulira nthochi. Ndinakana, poti nthochi anandiletsa. Anatulutsa thobwa. Ndinamuonetsa kabotolo kanga ka madzi n'kumuuza kuti aka ndi ka tsiku lonse. "Eee, bambo," anatero, "ndiye anakusiyirani chiyani? Mpweya?"

Dzuwa litakwera panakwera mlaliki wa jekete yonyezimira. Analalikira atawerama pamwamba pa mitu yathu, kenako anati amene akufuna kulapa lero akweze dzanja. Minibasi yonse inatembenukira kwa ine.

"Aleluya! Taonani agogo, sanadikire n'komwe kuti ndimalize!"

Ndinamuuza kuti ndine Mkatolika, ndipo kalata ya ubatizo ili m'chikwamamu. Koma kuti nditsegule chikwama pankafunika manja awiri. Iye anali atandigwira kale, penipeni pa fisitula. Anatong'ola maso.

"Abale, chikunjenjemera! Chiwanda chamva dzina la Ambuye!"

Anayamba kufinya kuti chituluke. Ndinakuwa mawu amene sindingawalembe pano. Mayi wa tomato uja anamumenya padzanja ndi botolo la thobwa.

"Asiyeni, abusa! Simukumva kuti ndi za adokotala?" Kenako anaikapo chala chake pang'onopang'ono. "Koma zoona, anthuni. Awaikira jenereta."

Kumbuyo wina anafunsa ngati angatchajepo foni. Onse anaseka, ngakhale dalaivala. Ine sindinaseke. Ndinaikapo zala zanga, koma galimoto inali kugwedezeka pamabampu, ndipo sindinathe kusiyanitsa kunjenjemera kwanga ndi kwa injini. Kuyambira cha kwa Njewa mpaka kudepoti ndinkangoganiza za kapaipi ka pakhosi.

Ndinafika m'chipinda cha makina anzanga atagona kale pamabedi, mapaipi ofiira akuzungulira. Namwino anandiyeza pa sikelo, nati:

"Tsitsani mkono, bambo, mwafika."

Unakana. Phewa linali litauma gwa. Anachita kuitana mnzake, wina kusisita phewa, wina kuutsitsa pang'onopang'ono ngati mlongoti wa mbendera. Anaika zala ziwiri pamene mlaliki anafinya, kufufuza kunjenjemera kuja. Ndinayang'ana kudenga. Anasuntha zala, n'kufufuzanso.

"Ikuyenda," anatero. "Koma anakuuzani ndani kuti muziukweza?"

Ndinatulutsa pepala. Analiwerenga, n'kunena kuti palibe pamene palembedwa zokweza. Ndinamuuza kuti palibenso pamene palembedwa za alaliki, ndipo ndinapempha kuti awonjezere mzere umenewo ndi kudindapo chidindo. Anaseka, koma ine ndinali kunenetsa.

Kwa amene mudzayende ulendo uwu, khalani kuwindo la kumanzere, ndipo mlaliki akakwera tsikani. Ine ndinagona pabedi m'chipindamo mpaka masana, makina akung'ung'udza, mkono utatsamira pilo wakewake. Pa tonse amene tinachokera kwa Nsaru tsiku limenelo, ndi iwo wokha umene unapeza pokhala pabwino.