Mlongo Wanga Amene Anandigwetsera Zipilala

Dzina la mlongo wanga linali pa bolodi la kuyunivesite, pansi penipeni, pa mndandanda wa olephera. Chinali chaka chake choyamba. Pambali pa dzinalo analembapo kuti watsala ndi mwayi umodzi: akalepheranso phunziro loyeza kulimba kwa konkire, anyamule katundu wake azipita.

Katundu wakeyo anali chiyani? Chikwama chofa zipi, bulangete limene mayi anatisiyira pomwalira, ndi nsapato zomata kawiri. Ine nthawi imeneyo ndinali kondakitala wa basi, osati munthu amene mukumudziwa leroyu, woti pasipoti inadzaza zidindo mpaka ndinakatenga ina. Ndayenda ine, abale anga. Ndagona m'mahotela oti chitseko chikangokuona chimatseguka chokha. Koma munthu wolimba mtima ngati mtsikana ameneyu sindinakumane naye kulikonse.

Chinamugwetsa n'chofufutira. Kusukulu kwathu aphunzitsi ankakwapula mwana wa kope lakuda, ndiye iye anakula akudziwa kuti wanzeru ndi wa kope loyera. Kulabu, chipinda choyezeramo konkire, akayeza n'kupeza nambala yosiyana ndi ya m'buku, ankachita manyazi, n'kufufuta, n'kulemba ya m'bukuyo.

Mphunzitsi wa kulabuko anali mayi wamfupi wa magalasi. Ophunzira ankawatcha Mayi Bwerezani, chifukwa mawu amenewo sankachoka pakamwa pawo. Mayiwo anamuitanitsa mlongo wanga mu ofesi, kope lake la kulabu lili patebulo.

"Mwana wanga, makina anga aja ndi achikulire kuposa iwe, ndipo sanatulutsepo nambala zokongola chonchi. Unawadyetsa chiyani?"

Mlongo wanga misozi inangoti chu. "Ndimaopa kuoneka mbuli, madamu."

"Umbuli ndimachiza tsiku lililonse. Koma nambala yabodzayi tsiku lina idzagwetsera anthu denga pamutu. Bweretsa chofufutira chako."

Anachiponya mu dilowa, n'kumupatsa bolopeni. "Lemba chimene waona. Ukalakwitsa, dula mzere umodzi, cholakwacho chizionekabe. Kenako bwereza."

Tchuthi chitafika, anzake onse anapita kwawo. Iye anatsala m'chipinda chopanda anthu, ndi ketulo imene mnzake wogona naye anamusiyira. Masabata asanu ndi limodzi ankaponda konkire, kuumba timabuloko, kutiphwanya pa makina. Bambo wachikulire wosamalira labu anamupatsa dzina loti Fumbi. Kope lake linadzaza mizere, linanyansa zedi. Ine nditakamuona ndinamufunsa ngati nkhuku zinayendamo.

Tsiku la mayeso aliyense anapatsidwa timabuloko take. Iye atayeza, nambala inatuluka yaing'ono, yosafika n'komwe pa ya m'buku. Anabwereza. Yomweyo. Kachitatu, yomweyonso.

Wophunzira wa pambali pake anasuzumira. "Sintha, mwanawe, upita kwanu!"

Amati dzanja linamuyabwa kufuna kusintha nambalayo. Koma analemba chimene anaona, pansi pake n'kuwonjezera kuti konkire ameneyu ndi wofooka, asamangire.

Mayi Bwerezani atawerenga anavula magalasi. "Timabuloko tako ndinaumba ndekha, ndinathiramo mchenga wambiri dala. Tionana chaka chachiwiri, Fumbi."

Lero mlongo wanga ndi injiniya woyeza nyumba zosanja. Mukamufunsa za kuyunivesite sakamba za gauni kapena zithunzi za tsiku lomaliza maphunziro. Amakamba za fumbi la kulabu, za ketulo ija, ndi za dilowa imene inameza chofufutira chake. Achinyamata amene amagwira ntchito pansi pake onse amalemba ndi bolopeni.

Chaka chatha ine ndinayamba kumanga nyumba yanga yosanja katatu, mashopu pansi, banja pamwamba. Ndinamuitana kuti adzasirire. Iye anabwera ndi chisoti ndi kope, n'kubowola zipilala, n'kutenga tizidutswa ta konkire kukayeza. Patatha masiku anabweranso.

"Achimwene, zipilala zinayi za kumbuyozi zigwe."

"Iwe! Ukudziwa kuti ukuyankhula ndi ndani? Ndaona nyumba zokanda mitambo ine!"

"Munaziona, achimwene, koma simunaziyeze."

"Kabwereze."

"Ndabwereza katatu. Pamwambapo padzagona alamu anga ndi ana. Sindisaina."

Ndinakwiya sabata yathunthu, kenako ndinagwetsa. Pophwanya zipilalazo, zina zinkangoyoyoka ndi nyundo yaing'ono. Ndinakhala pa njerwa n'kumangoyang'ana. Lero nyumbayo yaima, yokongola kuposa zonse mumsewu wathu, ndipo ana anga amathamanga pamwamba ine mtima uli m'malo.

Ndiye iwe amene dzina lako lili pansi pa bolodi lero, ndimvere ine woyenda. Usabise pamene unagwa. Dula mzere umodzi, paonekebe, kenako bwereza. Osataya mtima.