Supuni Imodzi ya a Lourenco

A Lourenco anafika kwathu, kumtunda kwa Namwera, m'nyengo yozizira, udzu utauma. Anali okha, atanyamula khasu lopanda mpini. Nkhondo ya ku Mozambique inawalanda mkazi ndi mudzi. Tikawafunsa kuti ndi mbali iti inachita zimenezo, ankangoti, "Onse a-anabwera ndi mfuti."

Anali achibwibwi. Mawu akakana kutuluka, ankamalizitsa ndi manja.

A Wadi, mlimi wa fodya, anawapatsa kanyumba ndi ndime kuseri kwa chigafa. Akazi awo, a Abiba, ankawatcha alamu, ndipo mwezi wa Ramadani ankawatumizira futali ngakhale a Lourenco sankasala. Mvula inagwa ndi kukata kangapo, a Lourenco akulima chinangwa, akusoka nsapato za anthu pansi pa mtengo wa mango.

Kenaka kunabwera dzinja la 1993, chilala chitangotha. Mango anapsa, ntchentche zinachuluka, kolera inalowa m'midzi. Inalinso nyengo yosankha pakati pa chipani chimodzi ndi zipani zambiri. Ofuna chimodzi ankakweza chala chimodzi, ofuna zambiri zala ziwiri. Kwathu ambiri tinali a zala ziwiri, ndipo chilichonse chochokera kuboma tinkayamba tachinunkhiza.

Wazaumoyo anabwera pa njinga ndi chigubu cha klorini. Anafuna munthu wokhala pachitsime, wothira mankhwalawo m'ndowa za anthu. Anasankha a Lourenco poti wothawa nkhondo savota, alibe mbali.

M'mawa mwake amayi anawazungulira.

"Ndiye muzithira ochuluka bwanji, alamu?" anafunsa a Abiba.

A Lourenco anafuna kunena kuti supuni imodzi pa ndowa. Mawu anakakamira pakhosi. Anakweza chala chimodzi.

Amayi onse pachitsimepo anayang'ana chalacho. Kenaka Shakila, mtsikana wapakamwa, anawomba m'manja. "Eee, a Lourenco! Akugulani ndi sopo kapena nyemba? Ife athu ndi awa!" Anakweza zala ziwiri, nalanda supuni, nathira kawiri kodzaza m'ndowa mwake. Anthu anaseka. Shakila atalawa analavula. Madziwo ankawawa, akununkha ngati chipatala.

Pofika madzulo nkhani inali itamera miyendo. Ankati boma latumiza mankhwala oti anthu a zala ziwiri asabereke. Ochepa a chipani chimodzi anayamba kutunga pachitsimepo monyada, akuimba, ndipo zimenezo zinangowonjezera moto. Otsalafe tinatsikira kumtsinje, kumene madzi anali ofiira ndi matope.

A Lourenco sanadandaule za mudzi wonse. Mtima wawo unali pa khomo limodzi. Anatenga chigubu napita kwa a Wadi.

"Achimwene, m-mtsuko wa alamu wokha. Ndithiremo."

"Ndinakupatsani munda osakufunsani chipani," anatero a Wadi. "Lero mukundibweretsera chipani pakhomo?"

"Si-si chipani. Ndi supuni."

"Supuniyo waitumiza ndani?"

A Abiba anali pakhonde, akusenda maungu. "Bambo, alamu anayamba atinamizapo?"

"Iwo ayi. Koma owatumawo anatinamiza zaka makumi atatu."

Zimenezo zinali zoona. A Lourenco anamwa okha chikho cha madzi othira mankhwala, a Wadi akuona. A Wadi anayang'ana kumbali.

Chimanga chikumasula ngayaye, a Abiba anayamba kutsegula m'mimba. Anawanyamula pa machira dzuwa litakwera, a Lourenco atagwira kutsogolo, akuterereka m'matope. Sanafike nawo kuchipatala. Azaumoyo analetsa kusambitsa mtembo mwa mwambo wake, ndipo anthu anati, mwaona, akubisa zimene achita.

Pa maliro a Lourenco anasendera kuti aike phewa pa jeneza, chonyamulira maliro, monga amachitira mwamuna aliyense. Palibe anawakankha. Anthu anangothithikana, malo osapezeka. A Wadi anawaona, napitirira.

A Lourenco anakhalabe pachitsime mpaka mvula inakata, akuthirira anthu ochepa amene ankabwera. Nthendayo inatha pamodzi ndi dzinja. Mavoti anaponyedwa m'nyengo yozizira, a zala ziwiri tinapambana, tinavina.

Chaka chotsatira, magalimoto obweza othawa nkhondo atafika, a Lourenco analembetsa, ngakhale kwawoko kunalibe wowadikira. Anapita kukatsanzika. A Wadi anawalandira pakhonde, nawayalira mphasa. Anakhala nthawi yaitali, akuyang'ana nkhuku.

"Muyende bwino," anatero a Wadi pomaliza.

A Lourenco anatsegula pakamwa. Tinadikira. Galimoto inaliza hutala kumsewu, ndipo ananyamuka.