Nkhope ya Mayi pa Mizere ya Inki

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi mlamu wanga. Iye anauza a Phiri, eni kashopu kosindikiza mapepala pa Dowa Boma, kuti ndimatha kujambula. Anandiyesa pondijambulitsa chipewa chawo, basi n'kundilemba ntchito.

Makina awo a fotokope anali okalamba. Ankadziwa zakuda ndi zoyera zokha, mthunzi wa pensulo ankautaya kapena kuudetsa bii. Choncho a Phiri anandiphunzitsa kupanga mthunzi ndi cholembera cha inki chosongoka: mizere yopyapyala yondondozana, yotalikirana pamene pakuwala, yothithikana pamdima, ndipo pakuda kwambiri kupingasa ina pamwamba pake.

Tsiku lina m'mawa kunabwera bambo wochokera ku Malomo, maso ali psuu. Mayi ake anali atamwalira kuchipatala, galimoto yonyamula maliro ikudikira panja. Ankafuna nkhope yawo pa pulogalamu ya mwambo wa maliro, koma chithunzi chinali chimodzi chokha, chakale, chozilala. Titachiika m'makina, panatuluka chimdima chooneka mano okha.

"Amayi anga si awa," anatero.

A Phiri ananditembenukira. "Tenga cholembera, ujambule."

Ndinali ndisanajambulepo nkhope ya munthu ndi inki. Ndinalemba malire a nkhope ndi pensulo, n'kuika kapepala pansi pa dzanja kuti thukuta lisanyowetse ntchito. Ndinayambira pa duku, mizere yopingasana. Pamasaya ndinaikhotetsa kutsata fupa. Bamboyo anaima kumbuyo kwanga, mpweya wake ukundiomba pakhosi. Panja dalaivala anaimba hutala, kenako anaimbanso.

Nditafika pansi pa maso, mantha anandiuza kuti ndiwonjezere mizere. A Phiri anandigwira mkono.

"Ima pomwepo. Ukawonjezera uwakalambitsa, ndipo inki safufutika."

Chipumi ndi mphuno ndinazisiya zoyera. Kwa ine chithunzicho chinkaoneka chosamalizidwa, komabe ndinachiika m'makina. Pepala litatuluka, bamboyo analigwira ndi manja awiri, nakhala pabenchi. Kenako anati, "Amayi," n'kuyamba kulira.

Lero ndimajambula pa kompyuta, pomwe mzere wolakwika umachoka ndi batani limodzi. Komabe ndikafika pa maso a munthu ndimaimitsa dzanja, chifukwa ndinaphunzira kuti mwini nkhope amadziwika ndi abale ake pamalo amene wojambula analeka kulemba.